Naketulo ndi Kapu Yosadzaza

Inu amene mwalemba mayeso n'kugwa, mwalembanso n'kugwanso, mpaka anzanu ayamba kukufunsani mwaulemu ngati mulibe ntchito ina yoti muziganizira, kokani mpando mumve. Nkhani iyi ndi ya mayi wina amene anthu a ku ofesi kwake sankadziwa n'komwe dzina lake lenileni. Ankangomuitana kuti Naketulo.

Tsiku limene tikuyambira, Naketulo anali ataima pa khonde lalitali la ku Unduna wa Zakunja, kansalu kopukutira kali m'manja. Ntchito yake inali yophika tiyi ndi kupukuta. Pa khomapo panali bolodi la zidziwitso lotsekedwa ndi galasi, ndipo m'mawa umenewo anali atakhomamo mayina a anthu amene akhoza mayeso olowera ntchito ya ukazembe. Anawerenga kuchokera pamwamba kufika pansi. Anayambanso pansi kukwera m'mwamba, poganiza kuti mwina dzina labisala penapake. Munalibe. Aka kanali kachitatu.

Chowawitsa mtima n'chakuti galasi limenelo ankapukuta ndi iyeyo. Okhoza aja anabwera n'kumaloza mayina awo ndi zala, akukumbatirana, kenaka ulendo. Naketulo anatsala akufufuta zidindo za zala zawo, misozi ili chuchuchu.

Ali choncho kunatulukira mkulu woona za kalandiridwe ka alendo. Ameneyu anthu ankamutcha Bambo Ndondomeko, chifukwa ngakhale munthu atayetsemula pamsonkhano ankayang'ana papepala kuti aone ngati zinalipo pa ndondomeko. Anaona misozi ija, anaona bolodi, ndiye anamuuza Naketulo kuti asamadzivutitse. M'nyumba muno, anatero, munthu aliyense ali ndi mpando wake, ndipo wake uli pafupi ndi ketulo. Anamukumbutsanso kuti tiyi wa teni koloko wachedwa.

Madzulo a tsikulo Naketulo analongedza mabuku ake onse m'katoni n'kukaiika panja pafupi ndi bini.

Koma m'nyumbamo sankakhala yekha. Makolo awo anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mlongo wake wamkulu ndi amene anasiya sukulu kuti amulere. Anayamba n'kutsuka mathiraki, kenaka n'kumamanga katundu, mpaka anakhala dalaivala wodutsa malire. Kulikonse kumene wapita ankabwerako ndi nyuzi zakale za mayiko a eni, zina zonunkha dizilo, n'kumupatsa mlongo wake kuti awerenge. Tsikulo anali atangofika kuchokera paulendo. Anaiona katoni ija, anainyamula n'kukaiika pa tebulo.

“Thiraki ikakana kulira katatu sitiisiya m'tchire ayi,” anatero. “Timatsika n'kukankha. Tsegula mabukuwo.”

Naketulo anayankha kuti watopa, mutu wake ndi wa ketulo basi. Mlongo wakeyo anaseka mpaka kutsokomola, akuti ketulo ndiye imadziwa kupirira moto kuposa aliyense. Anakangana, analira, koma katoni sinatulukenso panja.

Tsono m'chaka chimenecho munachitika kanthu kakang'ono kamene aliyense anaiwala, kupatula anthu awiri.

Kunali msonkhano wa akazembe. Pakati pawo panali kazembe wa dziko loyandikana nalo, la tsidya la malire, bambo wamtali wa mawu olemera, woti akalowa m'chipinda amuna onse ankayamba kukonza mataye awo. Naketulo anamuthirira tiyi kapu yodzaza monga anaphunzitsidwira. Bamboyo ananyamula. Kapu inayamba kugwedera pa sosa, gwedegwede, ndipo tiyi anakhuthukira pa mapepala.

Amene anali pafupi anali Naketulo yekha, ndipo anaona zimene ena sanaone. Dzanja lamanja la bamboyo linkanjenjemera lokha. Mwini wake analibisa msanga pansi pa tebulo, nkhope itagwa ndi manyazi.

“Pepani bwana, wolakwa ndine,” anatero Naketulo. “Ndadzazitsa kapu.”

Bambo Ndondomeko anamukalipira pamaso pa alendo onse, iye n'kumangopepesa uku akupukuta. Mawa lake, ndi nthawi zonse zimene kazembeyo ankabwera, Naketulo ankamuthirira theka la kapu, popanda sosa, chogwirira chitaloza kudzanja lamanzere. Bamboyo sananene zikomo ngakhale tsiku limodzi. Anangomuyang'ana kamodzi kokha, nthawi yaitali ndithu, kenaka n'kumwa tiyi wake.

Apa mpamene Naketulo anatulukira kuti thireyi yake ndi sukulu. Wogawa tiyi palibe amamuwerengera, choncho amaona zonse. Ankaona amene akuseka pakamwa koma phazi likugunda pansi, amene wakana shuga chifukwa wakwiya, amene akuti “ayi” maso ake akupempha kuti amunyengerere. Zimene ankawerenga m'mabuku pa basi ndi pa nthawi yopuma masana ankaziona zikuyenda ndi miyendo m'zipinda za misonkhano. Loweruka mlongo wake akakhalapo ankamufunsa mafunso kuchokera m'mabukuwo, mayina a mayiko akuwatchula mokhotakhota, onse awiri n'kumafa nacho chiseko.

Kachinayi analembanso. Tsiku la zotsatira anakwera masitepe pang'onopang'ono. Atafika pa bolodi sanafunikire kufufuza, dzina lake linali lachiwiri kuchokera pamwamba! Abale inu, mayi ameneyu anavina pa khonde la boma, kansalu kali m'mwamba, alonda akuimba m'manja. Analipukuta galasi lija komaliza mpaka kuwala, kenaka anadinda chala chake pa dzina lake n'kuchisiya dala chidindocho.

Kanthu n'khama, phwiti anakwata njiwa. Anayamba ndi kunyamula mafayilo, kenaka kulemba zokambirana za pamisonkhano, kenaka kulembera akuluakulu zokalankhula. Dzina la Naketulo silinachoke, ndipo iye sanalimbane nalo. Patatha zaka khumi ndi zinayi anali wachiwiri kwa mkulu wa nthambi yoona za mayiko oyandikana nawo.

Ndiye kunagwa nkhani. Mayiko awiri aja anakangana pa za zikalata za mathiraki, ndipo a tsidya anatseka chipata cha m'malire. Mathiraki mazana awiri anatsekeredwa mbali ya uko, mapasipoti a madalaivala atalandidwa. Pakati pa madalaivalawo panali mlongo wake wa Naketulo, amene tsopano anali ndi imvi komanso matenda a shuga. Anachoka pakhomo ndi mankhwala a ulendo wa milungu itatu, n'kumawatalikitsa pomwa theka, ndipo tsopano unali mlungu wachisanu. Chipatala chinali kutali, ndipo wopanda pasipoti sankaloledwa kutuluka pamalo oimikira mathirakiwo.

Pa foni ankachita nthabwala, akuti wapeza tchuthi chimene bwana wake anamumana zaka makumi awiri. Koma mawu ake anali ofooka, ndipo Naketulo atamupanikiza anaulula kuti mankhwala atsala a masiku asanu.

Nthumwi za tsidya zinabwera kudzakambirana, ndipo wozitsogolera anali kazembe uja wa tiyi, amene tsopano anali nduna ya zakunja ya kwawo. Anali atakalamba koma mawu anali omwe aja. Mkuluyo sanamuzindikire Naketulo, kapena tinene kuti sanaonetse. Anakambirana masiku awiri, ndipo pofika Lachiwiri madzulo zonse zinali zitatheka. Chinatsala n'kusaina pangano basi.

Apa Bambo Ndondomeko anaona kuti tsiku lawo lafika. Anakonza holo yaikulu, mbendera mbali zonse, maluwa, kapeti yofiira, atolankhani mpaka pakhomo. Mwambo wonse unali woti uonetsedwe pa kanema m'mayiko onse awiri. Anapachikanso kamera ina pamwamba penipeni pa tebulo, yoti izionetsa dzanja ndi cholembera basi.

Lachitatu mkulu wa tsidya uja analowa, anaima, anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anati akufuna awerengenso tsamba lachisanu ndi chinayi, tionana mawa. Lachinayi analowanso, n'kunena kuti mbendera ya kwawo ikuoneka yaing'ono, tionana mawa. A ku unduna anaziyeza mbenderazo ndi tepi, zinali zofanana ndendende. Pofika madzulo unduna wonse unkamutcha Bambo Mawa.

Koma mawa lina panalibe. Lachisanu folo koloko madzulo ndege yawo inkanyamuka, ndipo kwawoko ankalowa m'nyengo ya kampeni ya zisankho. Kwa miyezi itatu sipakanapezeka munthu wosaina kanthu. Naketulo ankadziwa bwino lomwe kuti mlongo wake sangafike miyezi itatu.

Lachisanu m'mawa akuluakulu anadzitsekera mu ofesi ya bwana Nduna a kuno kuti amasulire khalidwe la Bambo Mawa. Ha, mukanamva nzeru zake! Wina anati nkhalambayo ikufuna tiwonjezere zina m'pangano. Wina anati tiiopseze. Bambo Ndondomeko anati iwo aona pamene pali vuto, mlendoyo akuona kuti ulemu wachepa. Choncho analamula kuti abweretse bandi ya apolisi, awonjezere makamera anayi, ndipo pa tebulo aikepo cholembera chagolide chowonda ngati udzu. Onse anagwedeza mitu kuvomereza.

Naketulo anali kumapeto kwa tebulo, mtima uli m'malire. Ankadziuza kuti galu wamkota sakandira pachabe. Anayamba kubweza m'mutu zimene anaona mlungu wonsewo, osati ngati wachiwiri kwa mkulu wa nthambi, koma ngati wogawa tiyi. Bambo Mawa sanamwe tiyi ngakhale kamodzi. Mapepala ankawanyamulira ndi mlembi. Dzanja lamanja linkakhala m'thumba la jekete. Ndipo Lachitatu lija atalowa m'holo, maso awo sanapite pa pangano kapena pa mbendera. Anapita m'mwamba, pa kamera ija.

Anakumbukanso nyuzi za tsidya, mmene adani a mkuluyo ankalembera tsiku ndi tsiku kuti wakalamba, apume. Munthuyu sankakana pangano ayi! Ankaopa kuti dziko lake lonse liona dzanja lake likuvina pa pepala, mlungu umodzi kampeni isanayambe. Ndipo anzake a Naketulo, pofuna kumulemekeza, ankangowonjezera makamera.

Akanangonena pomwepo, nkhani ikanatha msanga, koma pofika masana ikanakhala ili m'makutu a atolankhani. Anatseka pakamwa.

Itakwana nthawi yopuma, Naketulo anatsikira ku kakhitchini kake kakale. Anapempha thireyi kwa amayi amene ankaphika tiyi masiku amenewo, anainyamula ndi suti yake yomweyo, nsapato zazitali zili kho kho kho pa khonde. Anzake anagwirana pakamwa. Wina ananong'ona mokweza dala kuti Naketulo wabwerera kwawo.

Analowa m'chipinda chimene alendo ankapumiramo. Bambo Mawa anali pawindo okha, nthumwi zawo zili pakona ndi mafoni. Naketulo anaika kapu patsogolo pawo popanda sosa, anathira theka, n'kutembenuzira chogwirira kumanzere.

Mkuluyo anayang'ana kapu. Anayang'ana mayiyo. Anayang'ananso kapu.

“Ndinu amene munadzazitsa kapu,” anatero chapansipansi.

“Ndine ndemwe, bwana.”

“Mwauza ndani?”

“Zaka khumi ndi zinayi, sindinauze munthu. Ndipo lero sindiyamba.”

Kenaka anawauza mwachidule kuti kuseri kwa holo kuli kachipinda kosungiramo mipando. Mulibe kamera, mulibe mtolankhani, muli tebulo lolimba losagwedera. Anawauzanso kuti pakati pa madalaivala ali m'malire pali mlongo wake amene anamulera, ndipo mankhwala ake atha lero.

Bambo Mawa ananyamula kapu ndi dzanja lamanzere, anamwa tiyi yense, n'kufunsa kuti kachipindako kali mbali iti.

Tsopano panatsala phiri lina, bwana Nduna a kuno, amene anali atagula kale suti yatsopano chifukwa cha makamera omwewo. Naketulo anawapeza pa khonde Bambo Ndondomeko ali pambali. Anawapempha kuti akasaine okha m'kachipinda kakuseri, atuluke, ndipo mlendo akalowe payekha. Akatha, onse awiri akaonekere kwa atolankhani pangano litasainidwa kale, ndipo popatsana moni bwana Nduna akagwire dzanja la mlendoyo ndi manja awo onse awiri, molimba, osalisiya mpaka zithunzi zitatha.

Bambo Ndondomeko anatsala pang'ono kukomoka. Pangano la mayiko awiri, m'chipinda cha mipando yothyoka? Nanga bandi? Nanga cholembera chagolide? Zimenezi sizinali pa ndondomeko! Bwana Nduna anafunsa chifukwa chake.

“Chifukwa sindinena, bwana,” anatero Naketulo. “Koma ikakwana thu koloko asanasaine, kalata yondichotsa ntchito ndilemba ndekha, inu mudzangodinda.”

Bwana Nduna anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang'ana wotchi. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti tiyeni.

Naketulo anathamangira ku geti. Alonda anali ndi cholembera chawo cholembetsera alendo, chonenepa, chokulungidwa ndi tepi yakuda kuti chisasweke, chomangidwa pa chingwe. Anadula chingwecho, alonda ali kukamwa yasa, n'kubwerera chothamanga.

Bwana Nduna anasaina n'kutuluka. Bambo Mawa analowa, chitseko n'kutsekedwa. Naketulo anawapatsa cholembera chonenepa chija, anatsindika pepala ndi manja ake awiri kuti lisasunthe, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ankangomva cholembera chikukwekwesa, chikuima, chikuyambanso. Dzina limodzi linatenga mphindi zinayi, ndipo kwa iye zinali ngati chaka.

“Mwatha kuyang'ana,” anatero mkuluyo.

Siginecha inali yokhota, koma inalipo! Panja bandi inaliza malipenga, makamera anathwanima, bwana Nduna atafumbata dzanja la mlendo ndi manja awiri. Mawa lake nyuzi za mayiko onse awiri zinalemba kuti moni wachikondi chotere sunaonekepo. Bambo Ndondomeko anaidula nkhaniyo n'kuikhoma mu ofesi mwawo, akumauza anthu kuti zonse zinayenda monga mwa ndondomeko.

Itangodutsa fili koloko foni ya Naketulo inalira. Sanamve mawu poyamba, anangomva mahutala, mathiraki mazana awiri akulira nthawi imodzi. Kenaka mlongo wake anakuwa kuti chipata chatseguka, wadutsa, ndipo anamwino akumudikira mbali ya kuno. Naketulo anakhala pansi pa masitepe a unduna, ndi suti yake yomweyo, n'kulira mokweza osasamala za amene akuona.

Chaka chotsatira, dziko la tsidya litafunsidwa ngati lingalandire kazembe watsopano, yankho linabwera tsiku lomwelo, akuti ngati ndi mayi uja, abwere mawa. Naketulo anakhala kumeneko zaka zisanu, chipata sichinatsekedwenso. Anatumizidwa ku mayiko ena awiri, ndipo kulikonse ankadziwika ndi khalidwe limodzi lodabwitsa. Msonkhano ukauma, kazembeyu ankadzuka n'kuyamba kuthirira anthu tiyi yekha, maso ali pa manja awo. Za dzanja lija sanauze munthu. Ife tikuzidziwa chifukwa mwini wake ndi amene anaziulula pa tsiku limene ankatsanzika ntchito, pamaso pa makamera, dzanja lili poyera.

Ndiye linafika tsiku limene Naketulo anaitanidwa kukalumbira kukhala Nduna ya Zakunja, mu unduna womwe uja ankapukuta magalasi. M'mawa wa tsikulo kunafika kaphukusi kochokera tsidya. Mkati munali cholembera chonenepa cha tepi yakuda, kachingwe kake kakadali pomwepo. Kani mkulu uja anachiika m'thumba tsiku lija, alonda n'kuchisaka mlungu wathunthu! Panali ndi kapepala ka zilembo zokhotakhota: “Dzanja likanjenjemera, gwirani ichi.”

Ndipo linanjenjemeradi. Ataima kutsogolo, makamera ali pa iye, mlongo wake ali pa mzere woyamba ndi jekete yobwereka yomuthina m'mapewa, dzanja la Naketulo linayamba kugwedera ngati kapu ija pa sosa. Anakankhira pambali cholembera chagolide chimene anamuikira, anatulutsa cha alonda m'chikwama, n'kusaina dzina lake lonse, lenileni, limene anthu a ku ofesi sankalidziwa lija. M'holo monse munali bata la ulemu mpaka dalaivala wina wa imvi anaiwala kumene ali.

“Yalira!” anakuwa. “Thiraki yalira!”

Holo yonse inaphulika ndi kuseka ndi m'manja, ndipo Nduna yatsopano inaseka nawo misozi ikutsika.

Tsono inu amene lero mwanyamula thireyi, tsache kapena katoni ya mabuku yoti mukataye, tamverani. Pamene mwaimapo pali zimene mukuona zomwe a pamipando sakuziona, ndipo tsiku lina zidzafunika. Musanyoze ntchito imene ili m'manja mwanu, musaseke dzanja la mnzanu likamanjenjemera, ndipo dzina lanu likasowa pa bolodi kachitatu, kabwezeni katoni ija m'nyumba. Mtima usagwe ayi. Tsikani, kankhani, ilira.